Hamala Imene Inatsala Pansi pa Shimabala

Tsiku limenelo kunacha kopanda mphepo. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa linatuluka litapsa kale, ndipo nyenje zinayamba kulira tisanatsitse n'komwe zitsulo m'lole. Kumsewu wa ku Lusaka magalimoto akuluakulu ankangodutsa, kutali kumapiri kunkamveka kugunda kwa anthu ophwanya miyala, ndipo pamwamba pa zonsezo panali kompuresa yathu yopopa mpweya, imene ikalira munthu amalankhula ndi manja. Phokoso limenelo ndimalikumbukira bwino chifukwa ndi khutu limene linayamba kundiuza kuti zinthu zalakwika pansi.

Tinkaboola chitsime pamunda wa mayi wina wolima tomato ndi repu ku Shimabala. Ine ndinali woyendetsa makina, ntchito imene ndinaigwira kuyambira ndili ndi tsitsi lakuda. Ndinali ndi anyamata awiri ondithandiza, onse amuna okhwima. Wina anali wamtali, wa ku Kafue Estates, wotsogolera nyimbo kumpingo wawo wa Chipentekoste. Winayo ankayang'anira kompuresa, munthu wa pakamwa posauma, amene Chinyanja chake chinkasakanikirana ndi Chibemba. Ankapemphera pamodzi ndi wamtaliyo.

Makina athu amagwira ntchito chonchi: kumapeto kwa mapaipi achitsulo olumikizana kumakhala hamala yoyendera mpweya, ndipo kukamwa kwa hamalayo kumakhala biti, chitsulo cha mano olimba chimene chimatafuna mwala. Hamala ikamamenya bwino, phokoso lake limakwera m'mapaipi mpaka kumapazi ako, ndipo fumbi loyera limatuluka pakamwa pa dzenje. Mwala wa ku Shimabala ndi wa laimu. Uli ndi mapanga mkati, ena odzaza dothi, ena opanda kanthu. Dzuwa litakwera pang'ono, mapaipi anangotsika okha ngati mwendo wa munthu woponda pa dzenje la mfuko. Fumbi linasiya kutuluka. Hamala inamenya kangapo mosamveka bwino, kenaka n'kukhala chete. Nditayesa kukweza, mutu wa makina unanjenjemera, koma mapaipi sanasunthe.

Wa kompuresa anabwera pafupi n'kukuwa m'khutu mwanga.

"Shani, ba mudala, yakana?"

"Miyala yagwera pamwamba pa hamala," ndinamuyankha.

"Mwala wa kuno uli monga apongozi. Ukagwira chinthu, subweza."

Anaseka yekha. Wamtali sanaseke. Anandiyang'ana, kenaka n'kuyang'ana mnzakeyo, ndipo ndinadziwa chimene maso amenewo ankanena.

Mkazi wanga anali atamwalira m'nyengo yozizira ya chaka chomwecho. Iye anali wa kumtsinje, mwana wa asodzi, ndipo maliro atatha abale ake anafuna kundichitira mwambo woyeretsa wamasiye, umene iwo amati kusalazya, kuti mzimu wa womwalirayo undisiye. Ndinawakana mwaulemu. Ndinati abusa a mpingo wathu andipempherera ndipo zakwana. Anapita osakondwa, koma sitinayambane. Nkhaniyo inayenda m'tauni monga mmene nkhani zimayendera, mpaka inafika kuntchito ine ndisanabwerereko.

Anyamata awiriwa mwambo umenewo ankaunena kuti ndi wa mdima. Koma zoti mzimu wa imfa umatsatira wamasiye ankazikhulupirira ndi mtima wonse. Nditabwerera kuntchito, chilichonse cholakwika ankachiwerengera pa ine. Paipi ya mpweya itaphulika, anayang'anana. Tayala la lole litaphwa pafupi ndi njanji, anayang'anana. Kale tinkadya nshima m'mbale imodzi, koma tsopano ankandigawira yanga payokha, n'kunena kuti akulu sayenera kulimbirana ndiwo ndi ana. Sindinawafunse. Ndinkati zidzatha zokha.

Hamala ikagwidwa, mdani wamkulu ndi changu. Ndinatsegula mpweya wonse kuti uwuluze timiyala, n'kumakweza pang'ono, kutsitsa pang'ono, kuzunguliza pang'ono. Tinathira madzi a sopo m'mapaipi kuti thovu lifewetse dothi. Mayi mwini munda anabwera n'kuima patali atagwira m'chiuno, chifukwa tomato wake anali atayamba kale kufota. Masana ndinaimbira foni bwana wathu, mwini makina.

"Ba mudala, hamala ija ni imodzi chabe," iye anatero. "Ikasala pansi, makina aima. Ndipo nikuuzani zoona, amene ali pa maliva ndiye azapita. Sinizamvela nkhani zambiri."

Maliva ndi zitsulo zoyendetsera makina, ndipo amene anali pamenepo ndinali ine. Pa msinkhu wanga palibe wina akanandilemba ntchito. Komanso kunyumba kunali zii, ndipo ntchito ndiyo inkandidzutsa m'mawa.

Chakumadzulo, ndikukweza modekha monga ndinkachitira tsiku lonse, panamveka kulira kwa chitsulo kochokera pansi, ndipo mutu wa makina unadumpha m'mwamba wopepuka. Paipi imodzi yakale inali itaduka pakati. Tinatulutsa mapaipi a pamwamba mpaka tinafika pa chidutswa chake. Theka linalo, pamodzi ndi mapaipi onse a pansi pake ndi hamala yomwe, zinatsala m'dzenje.

"Manje tizachita bwanji?" anafunsa wa kompuresa. Nthabwala zinali zitamuthera.

"Mawa tiwedza," ndinatero.

Kuwedza ndi mmene timanenera ntchito yotulutsa zitsulo zotsala pansi. Zida zake ndinali nazo zanga, zimene ndinasonkhanitsa m'zaka zambiri. Panali karoti, chitsulo chachitali chosongoka kumapeto, cha mizera yakuthwa mozungulira ndi chibowo cha mpweya pakati. Chimalowa m'kamwa mwa paipi yoduka n'kudzilumira mkati ukamachizunguliza. Panali belu, limene limavala paipi kunja ngati chipewa pamene kamwa yake yaphwanyika. Ndipo panali kilampu, zitsulo ziwiri zolemera za mano mkati, zomanga ndi mabawuti. Paipi yabwino ili ndi khosi lophwatalala pamene timakolekapo sipanala kuti isagwe tikamamasula inzake. Paipi yoduka pakati khosi limenelo ilibe, thupi lake ndi lozungulira basi. Chimene chingaigwire ndi mano a kilampu okha, ndipo mano amenewo amafuna kuuma. Akakhala ndi girisi kapena mafuta, sagwira.

Zida zimenezi sindinkazisiya m'lole chifukwa cha anthu otola zitsulo zokagulitsa. Zinkakhala kunyumba. M'mawa mwake ndinazinyamula m'thumba la feteleza, kondakitala wa minibasi akudandaula kuti ndakweza injini ya sitima. Nditatsika, ndinaitana wamtali kuti adzandithandize kunyamula. Anabwera, n'kuima pafupi ndi thumbalo osaligwira.

"Ba tata, izi zitsulo zimankala kuti?"

"Kunyumba kwanga."

"Panja kapena mukati?"

"Kuchipinda, pansi pa bedi."

"Bedi yamene ba mayi anadwalirapo?"

"Bedi ndili nayo imodzi, mwana wanga."

Anapukuta manja pa ovolosi yake. Anati msana ukumupweteka, ndipo anatsogola. Ndinalinyamula ndekha thumbalo mpaka pamakina.

Tisanayambe, ndinatenga kilampu n'kutsuka mano ake ndi burashi ya waya, kuwapukuta ndi chiguduli chouma, n'kuwawaza fumbi la mwala lochokera pakamwa pa dzenje. Ndinaiika pa saka pamthunzi wa lole, kuti idikire nthawi yake. Kenaka ndinayang'ana chidutswa cha paipi chimene tinatulutsa dzulo lake. Chinaduka bwino, kamwa yake sinaphwanyike, choncho ndinasankha karoti. Tinaimanga kumapeto kwa paipi n'kuyamba kutsitsa.

Kuwedza ndi ntchito ya wakhungu. Suona kanthu. Ndinauza wa kompuresa kuti azimitse, kuti ndizimva bwino. Panatsala injini ya makina yokha ndi nyenje. Titayandikira pamene paipi inadukira, ndinaika dzanja lamanzere pa chitsulo, lamanja pa liva, n'kumatsitsa pang'onopang'ono. Karoti inagunda chinthu n'kuterereka. Ndinakweza, kuzunguliza pang'ono, kutsitsanso. Inatererekanso. Paipi yodukayo inali itatsamira khoma la dzenje, ndipo nsonga ya karoti inkadutsa m'mbali. Choopsa chinali chakuti ikalowa pakati pa paipi ndi khoma, nayonso igwidwa, ndiye kuti zonse zatha.

"Ba mudala, mwina nsomba yanu siili na njala," anatero wa kompuresa.

"Khala chete, iwe," anamudzudzula wamtali. Milomo yake inkayenda, ankapemphera chamumtima.

Sindikudziwa kuti ndinayesa kangati. Thukuta linkalowa m'maso koma sindinafune kuchotsa dzanja pa chitsulo. Kenaka ulendo wina karoti inatsika mosiyana, mofewa, n'kuima. Ndinazunguliza pang'ono kwambiri. Ndinamva m'chikhatho chitsulo chikuluma chinzake, kulimba, kulimbabe, mpaka injini inasintha mawu. Nditakweza, mutu wa makina unalemera. Tinali titaigwira.

Koma hamala inali ikadali m'kamwa mwa miyala, ndipo tsopano sindikanakoka mwamphamvu, chifukwa karoti ikanazuka. Tinayatsa kompuresa, mpweya unadutsa, ndipo ndinamva hamala ikuyankha pansi, mofooka. Tinathira madzi a sopo ambiri. Dzuwa linali pamutu. Ndinati tisiye thovu ligwire ntchito yake, ife tidye.

Mayi mwini munda anali atatumiza nshima ndi kapenta. Ndinatenga mbale yanga n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango kumapeto kwa munda, nditafulatira makina. Ndili pakati pa kudya ndinamva anyamata aja akupemphera. Wamtali ndiye ankatsogolera, mawu ake akukwera, akudzudzula mizimu, mnzakeyo akuvomera. Mapempheredwe awo si a kwathu. Ife kumpingo wathu timapemphera motsitsa mawu, ndi nyimbo za m'buku. Koma ndinakondwa kuti akupempherera hamala, ndipo nanenso ndinatseka maso pomwe ndinakhalapo. Sindinatembenuke.

Titabwerera, ndinayambanso: mpweya, kukweza pang'ono, kutsitsa, kuzunguliza. Thovu linayamba kutuluka pakamwa pa dzenje, loyera poyamba, kenaka lofiira ndi dothi, kenaka lili ndi timiyala. Mapaipi anasuntha kutalika kwa chala. Anaimanso. Ndinawabweza pansi, n'kuyesanso. Anasuntha kutalika kwa dzanja. Pansi panamveka kugudubuzika, ngati ngolo yodutsa pa mlatho wa matabwa, ndipo mapaipi anayamba kukwera osakana.

Wa kompuresa anavina pomwepo, nsapato zake zikuponda m'thovu.

"Apongozi abweza, ba mudala. Lelo muzatigulira Fanta."

"Sinatuluke," ndinamuuza. "Gwira sipanala."

Tinayamba kuchotsa mapaipi imodziimodzi. Iliyonse ikatuluka, wamtali ankakoleka sipanala pakhosi la ya pansi pake, ine n'kumasula ya pamwamba, wa kompuresa n'kuigoneka pambali. Kulemera konse kwa hamala ndi mapaipi a pansi kunkalendewera pa mizera ya karoti.  Mayi mwini munda anali atabweranso, ndipo ulendo uno anayandikira.

Pomaliza karoti inatulukira, italowa pafupifupi theka m'kamwa mwa paipi yoduka. Ndinakweza mpaka thupi la paipiyo linaonekera bwino pamwamba pa tebulo la makina, chitsulo chophwatalala cha pakamwa pa dzenje.

"Pukutani paipi ndi saka louma. Bweretsani kilampu."

Anaipukuta. Anabweretsa kilampu awiriwo, n'kuivala pa paipi, n'kuyamba kumanga mabawuti. Ine ndinali pa maliva, sindikanachokapo katundu ali m'mwamba. Ndinaona kuti wamtali waigwira kilampu ija ndi manja ake popanda kukayika, iye amene m'mawa anakana kukhudza thumba. Ndinaganiza kuti mwina chimwemwe chamuchotsa mantha.

"Mwamanga zolimba?"

"Zolimba, ba tata. Na njovu siingachoke."

Ndinatsitsa pang'ono kuti kilampu ikhale pa tebulo n'kulandira kulemera. Inagwira. Ndinadikira. Paipi sinasunthe. Ndiye ndinayamba kuzunguliza chobwerera kuti karoti ituluke, pakuti inayenera kuchoka kuti tikweze chidutswacho ndi unyolo n'kufika pa khosi la paipi yabwino ya pansi pake. Karoti inamasuka mzera woyamba, wachiwiri, n'kumapita. Itangotsala pang'ono kutuluka, ndinaona chizindikiro cha dzimbiri pa paipi, chimene chinali pamwamba pa kilampu, chikutsika n'kulowa m'mano.

Ndinabweza liva kuti karoti ilumenso, koma paipi inali itayamba kale kuithawa. Inatsika mwakachetechete, mosafulumira, ngati munthu wolowa m'madzi. Wa kompuresa anaiwakha ndi manja onse awiri.

"Isiye, ikudula zala," ndinakuwa.

Anaisiya. Kamwa ya paipi inadutsa m'kilampu n'kusowa. Tinamva ikukhula makoma, phokoso likuchepa, kenaka kugunda kumodzi kumene kunafika kumapazi athu.

Ndinazimitsa makina. Wa kompuresa anazimitsa yake osauzidwa. Mayi uja anatembenuka n'kumapita kunyumba kwake.

Ndinatsika, n'kugwada pa tebulo, n'kumasula mabawuti. Anali omanga bwino ndithu. Nditatsegula kilampu, mano ake ankanyezimira. Ndinapisamo chala n'kununkhiza. Sanali girisi, sanali dizilo, sanali mafuta a injini. Anali mafuta opepuka onunkhira bwino, aja amagulitsidwa m'timabotolo ting'onoting'ono, amene anthu amapita nawo kwa abusa kuti awapempherere. Anali atathiridwa mosaumira, mpaka m'mizera yonse ya mano.

Ndinakweza maso. Wamtali ankayang'ana kumsewu. Wa kompuresa ankayang'ana zikhatho zake, zimene zinali zitasupuka.

"Kilampu iyi ndinaisiya youma," ndinatero.



Tinatsitsanso karoti tsiku lomwelo, ndi tsiku lotsatira lonse. Tinayesa belu. Sitinakhudze kanthu. Hamala inali itagwera m'phanga lija ndi kulemera konse, ndipo kamwa ya paipi inali itapendekera m'mbali, kunsi kwa denga la mwala, kumene chida chochokera pamwamba sichingafike. Ndikatsitsa chitsulo, chinkangodutsa m'malo opanda kanthu. Madzulo a tsiku lachiwirilo bwana anafika ndi galimoto yake. Anaima pakamwa pa dzenje nthawi yaitali, makiyi akulira m'manja.

"Munaigwira, ba mudala. Munaniuza pa foni kuti mwaigwira. Manje inagwa bwanji?"

"Inapulumuka m'kilampu."

"Kilampu imapulumutsa bwanji paipi?"

"M'mano mwake munali mafuta."

"Anaikamo ndani?"

Anyamata aja anali ataima kumbuyo kwake, pafupi ndi lole. Ndinawayang'ana. Ndinadikira. Ndinkaganiza kuti wamtali alankhula, chifukwa ndinkamudziwa kuti si munthu wabodza. Anatsegula pakamwa pang'ono, n'kutsekanso. Mkazi wake anali ndi pakati, zimenezo ndinkazidziwa. Wa kompuresa anawerama n'kuyamba kumanga chingwe cha nsapato chimene chinali chomanga kale.

"Nafunsa, anaikamo ndani?"

"Sindinaone ndi maso anga," ndinatero. Zinali zoona. Ndinali nditafulatira. Mumtima ndinkadziwa, koma sindinazolowere kuika munthu pamlandu ndi zimene sindinaone, ndipo ndinkayembekezabe kuti eni ake anena.

"Kilampu ni yanu. Maliva ni anu. Ba mudala, kuchokera pamene ba mayi anatisiya, mutu wanu suli pa nchito. Nakhala nikuona. Pitani mukapumule."

Sanakalipe. Anandipatsa ulemu wonditengera pagalimoto yake mpaka m'tauni, thumba langa la zida lili kumbuyo. Anyamata aja anatsala akupakira mapaipi.  Ananditsitsa pafupi ndi msika, ndipo ndinayenda wapansi, thumba paphewa.

Masabata otsatirawo anali ovuta. Ndinkadzuka m'mamawa monga mwa chizolowezi, kuvala, kenaka n'kukhala pakhonde kuonerera anthu akuthamangira maminibasi. Mvula yoyamba inagwa. Ndinalima kadimba kuseri kwa nyumba kuti manja asakhale chabe. Mwana wanga wamkazi amene ali ku Lusaka ankandiuza kuti ndipite ndikakhale naye, ine n'kumazengereza.

Za hamala sizinkandiwawa kwambiri. Zitsulo zimatsala pansi, aliyense woboola miyala ali nazo zake zimene anasiya. Chimene chinkandidzutsa mtima chinali kuima kwawo kumbuyo kwa bwana, chete. China chinali chozama kuposa pamenepo. Mkazi wanga anawaphikirapo anyamata amenewo. Tikamagwira ntchito pafupi ndi tauni, ankatibweretsera nsomba zowamba yekha, ndipo wa kompuresa ankamutcha mayi. Tsopano anali atamusandutsa chinthu chothamangitsa ndi mafuta. Ndikafika m'pemphero langa la tsiku ndi tsiku pamene munthu amanena za omulakwira, lilime linkalemera. Masiku ena ndinkadumphapo. Masiku ena ndinkanena mawuwo ndikudziwa kuti sakuchokera mkati. Kumpingo sindinauze aliyense, chifukwa sindinafune kuti nkhani ya anyamata awiri isanduke nkhani yonyoza mpingo wawo wonse.

Lamlungu lina masana, nditabwera kutchalitchi, ndinawaona ataima pa geti. Anali atavala za kumapemphero, wamtali ali ndi tayi. Sanalowe mpaka nditawaitana. Ndinatulutsa mipando iwiri, koma iwo anakhala pansi pa khonde, pa simenti.

"Ba tata, tabwela," anatero wamtali.

"Ndakuonani. Kunyumba kuli bwanji? Akazi ako aja?"

"Anabeleka. Mwana mwamuna."

"Mulungu alemekezeke."

Wamtali ankangotembenuza foni m'manja. Wa kompuresa anamugunda ndi chigongono.

"Kamba, iwe. Pa maiki umakamba maningi, pano wankala bubu."

Wamtali anaika foni pansi.

"Mafuta aja n'naika ndine. Uyu ananigwirira chabe kilampu. Tinadzoza zonse zamene zinachoka mu thumba, na belu yonse. Karoti inali kale pansi, sembe nayo tinaidzoza."

"Munkadziwa kuti mano a kilampu safuna mafuta. Ndinakuphunzitsani ndekha."

"Tinali kudziwa za girisi, ba tata. Aja sitinawaone monga mafuta. Anali opempherera. Mu mutu mwanga sizinabwele kuti angateleleke monga ena."

Ndinamuyang'ana kuti ndione ngati akudzitchinjiriza. Sankadzitchinjiriza. Ankanena zimene zinalidi m'mutu mwake tsiku limenelo.

"Nanga pamene bwana anafunsa?"

"Apo ndiye palibe chokamba. N'nachita mantha."

"Ine n'nali kuyembekeza uyu," anatero wa kompuresa. "Uyu anali kuyembekeza ine. Pa lasti tinankala monga mbuzi ziwiri pa njanji."

Anandiuza kuti sabata yapitayo anapita kwa bwana n'kuulula zonse. Bwana anawatukwana, koma sanawachotse, chifukwa anali atabwereka hamala kwina ndipo ntchito inali yambiri. Pa maliva anali ataikapo kale munthu wina wochokera ku Lusaka, wachinyamata, ndipo anati sangamubweze. Ananena zimenezi akuyang'ana pansi. Ndinali nditazimva kale kumsika, koma kuzimva kwa iwo kunatseka chitseko chimene ndinali nditachisiya chotsegula pang'ono mumtima.

"Munkathamangitsa chiyani pa zida zanga?" ndinafunsa.

 Ndinadikira, ndipo ulendo uno wamtali analankhula.

"Mzimu wa imfa. Tinali kuganiza kuti ba mayi sanakusiyeni."

"Mayi anu aja ankaopa ngakhale kupha nkhuku. Mukuganiza kuti akanatsika m'dzenje kukagwira hamala, kuti mwamuna wawo achotsedwe ntchito?"

Wa kompuresa anaphimba nkhope ndi chikhatho. Mapewa ake ankagwedezeka, ndipo sindinadziwe ngati akuseka kapena akulira. Ndikuganiza kuti zinali zonse ziwiri.

"Mukanandifunsa," ndinatero. "Mukanati, ba mudala, tikuopa, tiyeni tipemphere pamodzi. Ndikanagwada nanu pomwepo m'fumbi. Mafutawo ndikanakuuzani kuti muwathire pa mutu panga, osati pa mano a kilampu."

"Tinalakwa, ba tata. Mutikhululukire."

 Ndinalowa m'nyumba n'kuika madzi pa mbaula. Ndinaima m'khitchini nthawi ndithu, ndikuwaona pawindo ali pa simenti paja, tayi ya wamtali italendewera pakati pa mawondo. Ntchito inali itapita, ndipo palibe mawu awo kapena anga amene akanaibweza. Ndinadzifunsa ngati ndikufuna kuti avutike monga ndinavutikira ine, ndipo ndinafufuza moona mtima, chifukwa sindinafune kuwauza mawu a pakamwa chabe. Ndinapeza kuti sindikufuna. Ndinaona anthu awiri amene anachita mantha kawiri, poyamba ndi wakufa, kenaka ndi wamoyo, ndipo abwera okha pa geti langa popanda wowakakamiza.

Ndinatuluka ndi tiyi ndi mbatata zophika m'mbale imodzi, n'kuiika pakati pathu. Ndinakhala nawo pansi, ngakhale mawondo anga sakonda simenti. Wa kompuresa anayamba kutenga, wamtali n'kutsatira. Ndinafunsa dzina la mwana, anandiuza, ndipo tinakambirana za mvula ndi za woyendetsa makina watsopanoyo, amene wa kompuresa anati amaopa matope kuposa mphaka. Atatha kudya ndinawauza, ndipo ndinanena kamodzi kokha chifukwa zinali zoona.

Ndinawakhululukira.